Don Wence Asaka Thengo Lopanda Akuluakulu

Ku Guavira kulibe ng'ombe imene sinalawe jakisoni wa Don Wenceslao Ocampos. Ntchito yawo ndi yobaya ziweto katemera, ndipo aigwira kuyambira tsitsi lili lonse mpaka lero pamene chipewa chikubisa dazi. Amayenda pa njinga yamoto yofiira, kumbuyo atamangirira bokosi la ayezi, kutsogolo chigubu cha madzi ozizira omwera tereré, tiyi wozizira wa masamba amene anthu a kuno amamwa mopatsirana. Geti lililonse la m'dera lino amadziwa matsegulidwe ake, galu aliyense amamudziwa dzina ndi khalidwe, ndipo ukawafunsa njira ya kwinakwake amakuuzanso amene akudwala kumeneko ndi chimene anadya. Dzina lonse lija palibe amalitchula. Ndi Don Wence basi.

N'chifukwa chake masikauti a pa tchalitchi akafuna malo omanga msasa amapita kwa iwo. Malo a tiana tating'ono savuta, dambo lililonse lokhala ndi madzi ndi mthunzi limakwana, poti aphunzitsi awo amakhala pomwepo. Mutu unkawawa ndi kagulu ka atsikana osinkhuka, kamene mtsogoleri wake anali Dahiana, mwana yekhayo wa Don Wence. A Griselda, mphunzitsi woyang'anira masikauti, anali ndi lamulo lawo losapindika. Kagulu kotere kasanalandire baji yomaliza kayenera kukagona kuthengo kokha, kudzimangira matenti, kudzitungira madzi, kudziphikira, popanda munthu wamkulu kuikapo dzanja kapena mphika.

Kwa anzakewo inali nkhani ya baji. Kwa Dahiana inali nkhani ya ndege. Mayi ake, Ña Felicita, anapita ku Spain kukasamalira nkhalamba za eni ake mwanayo akadali ku pulayimale, ndipo chaka chilichonse ankaimba foni kuti mwana abwere adzaphunzire kumeneko. Don Wence ankayankha za mvula ndi mtengo wa chimanga. Tsiku lina ali pansi pa mango, amuna atakhala bwalo akupatsirana kapu ya tereré, foni ili pa sipika, mtima unawapsa n'kulankhula mawu amene munthu wanzeru salankhula pagulu.

"Mwana wosadziwa n'kuwiritsa mkaka komwe, ukufuna awoloke nyanja yekha? Chabwino, Felicita. Tsiku limene adzagone kuthengo popanda wamkulu womuthandiza, ndidzamuperekeza ndekha ku bwalo la ndege."

Amuna onse anamva. Dahiana anamva ali kukhitchini. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, koma Don Wence sanade nkhawa, chifukwa anthu a kwawo amawadziwa bwino kuposa mmene amadziwira ng'ombe zawo.

Kwathu kuno mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe tinaupitiriza muyeso. Munthu wa ku Guavira akhoza kukuona ukumira m'matope ndi galimoto n'kuyamba wamaliza kaye tereré wake, koma sangaone mwana wa eni ake akusenda chinangwa yekha n'kukhala pansi. Amamva ngati mudzi wonse watukwanidwa. Malo okongola alipo ambiri, a mitsinje ndi a mapiri omwe. Malo opanda mayi wobwera ndi mbale ndiwo kulibe.

Oyamba kupereka malo anali Ña Eulogia, mayi wamasiye wa mawu aakulu, mwini munda wa malalanje umene uli m'mbali mwa msewu. Don Wence anawalumbiritsa.

"Mayi, osapitako. Ngakhale mumve fungo la mpunga wopserera, osapitako."

"Ine? Ndikatani kumeneko? Ndili ndi zochita ine, a Wence. Anga ndinalera kale, a eni ake andikhudza chiyani?"

"Ndi zomwezo. Ndi ana olimba amenewa. Kungoti winayo mayi ake ali kunja, sakudziwa n'komwe kuti mwana wawo lero adya chiyani. Koma inu musadandaule nazo."

Mawu omalizawo ankawaponya ali kale panjinga, injini ikulira, ngati angowakumbukira kumene. Ankawaponya pa geti lililonse limene apempha malo.

Atsikana asanamalize kukhoma zikhomo za matenti, Ña Eulogia anatulukira pakati pa malalanje atanyamula chigumu cha chimanga ndi tchizi, chotentha, chokutira m'nsalu. Anati sakuthandiza aliyense, akungodutsa m'munda mwawo momwe. Anadutsanso ndi mphika wa nkhuku. Kenako anadutsa ndi wilibala, m'menemo muli matiresi. Dzuwa likupendeka panali patafika mipando, wailesi ndi mng'ono wawo, ndipo Ña Eulogia anali akuluka tsitsi la mtsikana wina uku akukalipira Dahiana kuti waonda. A Griselda atamva anati umenewo sunali msasa, kunali kukacheza kwa azakhali, ayambirenso.

Don Wence anapukusa mutu momvetsa chisoni pamaso pa mwana wawo. Kubafa anamveka akuimba.

Dahiana anati tsopano akufuna malo a munthu woipa mtima. Bambo ake anati alipo, Don Fulgencio Ayala, mkulu wosayankha moni, amene mango ake amaolera pansi ana osayerekeza n'kutola komwe. M'mawa wonse mkuluyo sanasendere. Anangoima patali atatsamira mpanda, akuyang'ana atsikana akukoleza moto. Anapirira nkhuni zitaikidwa molakwika. Anapirira utsi. Koma ataona nyama ikuikidwa pa lawi m'malo modikira makala, munthu wamkulu analephera kudzigwira.

"Ana inu, ng'ombe imeneyi inakulakwirani chiyani? Inafa kale, mukufuna ifenso kachiwiri? Choka apo iwe. Ndipatse mpeniwo."

Anaotcha nyamayo, anati ndi yochepa, anakatenga nthiti za nkhumba kunyumba kwawo, n'kufotokoza za usilikali wawo ku Chaco mpaka atsikana anayamba kusinza chikhalire. Potsanzikana anagwetsa msozi. Mpaka lero amafunsa kuti ana aja abweranso liti.

Anayesanso kuseri kwa manda, ati akufa saphika. Don Wence anaiwala, kapena anachita ngati aiwala, kuti amayi amabwera kudzasintha nsalu za pamitanda, ndipo mayi wa kuno sayenda ulendo wotalika choncho popanda dengu la chipa, tibuledi tija ta ufa wa chinangwa. Atsikana anabwerera kwawo atanenepa.

Anthu ena amati Don Wence anali wachinyengo. Zoona, anali wachinyengo, koma chinyengo chawo chinali cha munthu wamantha. Mwanayu anamulera okha. Ankamuchapira yunifolomu m'bandakucha asanapite ku makola, ndipo kuluka tsitsi anaphunzirira pa michira ya mahatchi a eni ake, mpaka chaka chonse Dahiana ankapita kusukulu mutu ukuoneka ngati wa pa mpikisano wa mahatchi. Mkazi anapita kale. Akaganiza za nyumba yopanda wowakalipira za nsapato zosiyidwa pakhomo, ankakankha mbale chakudya chisanathe. Sankafuna kuti mwana alephere. Ankangofuna kuti azilephera pang'ono, chaka china chimodzi, kenako chinanso.

M'mawa wina akulongedza mabotolo a katemera m'bokosi, Dahiana anaima pakhomo atapinda manja.

"Ababa, musavutikenso. Malo ndapeza ndekha."

"Kuti?"

"Ku malalanje a Ña Eulogia."

Don Wence anaseka mpaka kutsokomola. "Walakalaka chigumu, mwanawe?"

"Masiku a ulendo wa ku Caacupé."

Kuseka kunatha. Kumayambiriro kwa Disembala Guavira imatsala ndi nkhuku ndi agalu okhaokha. Aliyense wotha kuyenda amayenda wapansi kupita kwa Amayi Maria a ku Caacupé kukapereka chowinda chake, ndipo wosatha kuyenda amakwera ngolo. Ña Eulogia ndiwo amatsogolera kolona panjira. Don Fulgencio ndiwo amayendetsa ngolo ya nkhalamba. A Griselda anali atavomera kale kuti adzatsala kunyumba kwawo kutauni, foni ili m'manja, osaponda kumalalanje. Bambo anakhala akusaka malo chaka chonse, mwana anangosaka tsiku.

Choipitsitsa n'chakuti Don Wence eni ake sanaphonyepo ulendo umenewu. Dahiana ali khanda anadwala mpaka maso kutembenuka, ndipo bambo ake anawinda kuti mwana akachira adzayenda chaka chilichonse mpaka miyendo idzakane.

"Chaka chino bondo likundivuta," anatero akusisita bondo.

"Dzulo mumathamangitsa nkhumba ya Don Isidro, mpaka munaigwira."

"Amayi Maria amamvetsa."

"Mukawauze nokha. Chowindacho chinali cha ine, si choncho? Kapena mukufuna matenda aja abwerere?"

Don Wence anayang'ana mwana wawo n'kuona nkhope ya Felicita yeniyeni. Anatseka bokosi.

Sabata imeneyo anabaya ng'ombe mwachangu kuti apeze nthawi yodandaula pa mageti. Ana atsala okha, ankatero, okha zedi, ngakhale wowapatsa madzi otentha sadzakhalapo. Amayi anamva kuwawa, koma chowinda ndi chowinda. Anachita zimene akanatha. Tsiku lonyamuka mpanda wa waya wa kumalalanje unabereka zipatso zachilendo: majumbo a chipa, zigumu, chinangwa chophika, masoseji. Palibe anavomera kuti wapachikapo kanthu. Jumbo lalikulu kuposa onse munali nkhuku yootcha, ndipo mfundo yake inali ija amamangira bokosi la ayezi kumbuyo kwa njinga.

Dahiana sanataye chakudya, zimenezo zikanakhala kutukwana. Anatulutsa thabwa kumsewu, analiika pa zitsa, n'kuyalapo zonse pamodzi ndi ndowa ya madzi ozizira. Kudyetsa amwendamnjira ndi dalitso, palibe angatsutse. Gulu la ku Guavira litafika likuimba, aliyense analandira zake zomwe. Ña Eulogia analuma chigumu n'kunena mokweza kuti amene anaphika ali ndi dzanja. Don Wence anapatsidwa ntchafu ya nkhuku.

"Landirani, bambo a paulendo," anatero Dahiana. "Muyende bwino."

Anayenda ndithu. Anadutsa sitolo, anadutsa mlatho, akuyankha kolona ndi pakamwa pokha. Dzuwa linali lamoto. Atafika pa mitengo ya bulugamu anauza oyandikana nawo kuti m'mimba mwatembenuka, apitirire awapeza. Analowa m'tchire n'kukhotera kumene anachokera. Ankadziuza kuti akungokasuzumira. Ndipo ngati mwatsoka atapeza mphika ukupendekeka, munthu wamkulu angauleke bwanji kuti ugwe? Dzanja limodzi linali lokwanira.

Njira yachidule inali yodutsa m'busa limene linachita malire ndi malalanje. Apa mpamene Don Wence analakwitsa. Busalo ankalidziwa ngati chikhatho chawo, koma ng'ombe zake ankakumana nazo zitapanikizidwa mumpata wa matabwa, anyamata atazigwira ndi zingwe, iwo akubaya kuchokera pamwamba. Sanaganizepo kuti nazonso zimawadziwa.

Mitu inadzuka umodziumodzi. Kutsogolo kunali ng'ombe yaikazi yoyera, ya linunda, ili ndi kamwana pambali. Mwezi wathawo inawapatsa ntchito, ndipo ataibaya anaitchula mayina a apongozi awo pamaso pa anthu. Inayang'ana chipewa. Inanunkhiza mphepo. Inapalasa pansi ndi chiboda.

"Iwe, tsiku lake si lero," anatero Don Wence mofatsa. "Taona, sindinanyamule kanthu."

Ng'ombe sinafune kukambirana. Bondo lovuta lija linathamanga bwino kwambiri. Anazungulira chulu, ng'ombe inazungulira. Anaponya chipewa kumanzere, ng'ombe inachiponda n'kupitirira. Mpanda uli pafupi phazi linalowa m'una, linabinya, ndipo anagwa chafufumimba n'kukwawira pansi pa waya waminga. Iwo anadutsa, koma kumbuyo kwa buluku kunatsala pawaya.

Anagona m'ngalande, pakati pa busa ndi mpanda wa malalanje, ataluma mlomo kuti asakuwe. Manyazi anali aakulu kuposa ululu. Koma ng'ombe inaima pamwamba pawo ikulira ngati ikuitana mboni, ndipo posakhalitsa nkhope za atsikana zinatulukira pamwamba pa ngalande.

Dahiana anawayang'ana.

"Ababa, ku Caacupé n'kuno?"

"Ndimadulira njira."

"Njira yake yobwerera m'mbuyo?"

Sanadikire yankho. Anatsikira m'ngalande, anawavula nsapato, anagwiragwira akakolo n'kunena kuti fupa lili bwino. Anatuma mnzake Rocío kukatunga madzi kumtsinje, anatuma mnzake wina Marlene ndi atsikana ena kukadula nsungwi zolimba. Wina anawaza mchere patali pa mpanda, ng'ombe n'kutsatira mcherewo. Palibe anafuula, palibe analira. Dahiana anamasula kansalu kake ka pakhosi n'kuyamba kukulunga phazi.

"Bandeji imayambira kumunsi," anayamba Don Wence, "kenako..."

"Khalani chete, ababa. Mukatithandiza tiyambiranso."

Anakhala chete. Ali chigonere choncho maso anadutsa pakati pa mitengo ya malalanje. Matenti anali chilili, zingwe zokoka bwino. Panali thandala la mbale, dzenje la zinyalala patali, nkhuni zosanjikizidwa pamthunzi. Mphika unali pamakala, wosapendekeka ngakhale pang'ono, ndipo fungo limene linkachokera mmenemo linali la mpunga ndi nyama zimene zikupsa bwino. Anafunafuna cholakwika, sanachipeze. Chimenechi chinawapweteka kuposa phazi.

Atsikana analowetsa nsungwi m'manja a malaya awo a yunifolomu n'kupanga machira. Anawanyamula, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, Marlene akudandaula kuti katemera amanenepetsa wobaya. Don Wence anatseka maso poganiza kuti akupita kumthunzi wa tenti. Atatsegula anaona kuti akuyenda kunja kwa mpanda, kulunjika kumsewu.

"Dahiana, mwana wanga, ndine wodwala ine."

"Eya. N'chifukwa chake mukwera ngolo."

"Ndigonekeni pansi pa mtengo uwo. Sindilankhula, sindigwira kanthu. Mungondiyesa chitsa."

"Chitsa sichitsokomola anthu akamathira mchere. Inu ndimakudziwani."

"Ndine bambo ako."

"Ndinu munthu wamkulu, ababa. Pano saloledwa."

Kumsewu amwendamnjira anali akudutsabe. Dahiana anaimitsa ngolo ya anthu a kumudzi wina wakutali, bambo wa ndevu ndi mkazi wake wonenepa, atakhala pakati pa madengu ndi mikeka. Anafotokoza mwaulemu kuti mkulu uyu wavulala pa ulendo woyera ndipo ali ndi chowinda choti akapereke. Anawakweza. Anawamanga thaulo m'chiuno kuti atseke zimene waya unatsegula, anaika mwendo pamwamba pa thumba la chimanga cha ng'ombe, n'kuwapatsa mbale ya mpunga ndi nyama yovundikira ndi mbale inzake.

"Mwendowo ukhale pamwamba. Mukafika muuonetse kwa a chipatala a pamsewu. Mbale mubwere nazo."

Kenako anaphatikiza manja pachifuwa, monga ana a kuno amachitira akamapempha dalitso kwa makolo. Don Wence anakweza dzanja n'kumulemba mtanda pamphumi.

Ngolo inayamba kuyenda. Iwo anakhala chotembenuka, akudikira kuti mwana acheuke. Sanacheuke. Anali akuloza ndowa imene inasiyidwa padzuwa, akukalipira Rocío, ndipo onse analowa m'malalanje akukangana za amene anaisiya.

Anavundukula mbale n'kulawa. Mpunga unali wosapserera, nyama yofewa, mchere wokwanira. Analawanso kuti mwina sanamve bwino.

Mayi wa pangolo uja anali akuyang'anabe kumbuyo, nkhope itakwinyika.

"Kodi ana amenewa ndi a ndani? Ali okhaokha muja? Mayo ine, popanda wamkulu aliyense? Abambo, taimitsani ng'ombezo. Muli chipa m'dengumu, ndi mazira owiritsa, ndikangowasiyira pageti ndibwera."

Mwamuna wake anakoka chingwe, ng'ombe zinaima. Mayi anali atakweza kale dengu, phazi limodzi likufunafuna potsikira. Zinali zosavuta. Don Wence akanangoyang'ana kumbali n'kumatafuna, mayi ameneyu sakanathera pageti. Akanalowa, akanavundukula miphika, akanakhala mpaka mawa, ndipo palibe akanati wolakwa ndi iwo.

Anaika supuni pansi n'kugwira dengu.

"Asiyeni, mayi."

"Ndiwasiye bwanji ana a eni ake?"

"Asiyeni. Sakusowa kanthu. Wamtali uja ndi wanga." "Akupita kwa mayi ake ku Spain."

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa pawo. Mayi anawayang'ana, anayang'ana phazi lokulungidwa, n'kubweza dengu pamalo pake pang'onopang'ono. Mwamuna anakalipira ng'ombe, ngolo inayambanso kugwedezeka.

Anayenda kamtunda. Don Wence ankadya mpunga wa mwana wawo, misozi ikutsikira m'mbale, osaipukuta. Atamaliza anasanjikiza mbale bwinobwino pamiyendo.

"Mayi," anafunsa, "inu mumayenda m'misika. Kodi ku Caacupé kumapezeka masutikesi olimba, aja a matayala?"